Mipendadzuwa ya pa Tebulo Lachitatu

Wokondedwa mwana wanga,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupeza uli bwino, ndiponso kuti chifuwa chija chinakuleka. Kuno tilipo. Mayi ako miyendo ikuwavutabe, koma pakamwa pokha mphamvu zilipo ngati kale. Mlongo wako wayamba ntchito kugalaja, akumabwera manja ali bii, akuti ndiwo umisiri umenewo.

Udabwa kuti bwanji ndalemba kalata pamene foni ilipo. Nkhani yake yandikanika kutuluka pakamwa masabata atatu tsopano.

Ukukumbukira tsiku lija unandisiyira mipendadzuwa yako m'nyumba yagalasi kuntchito, usananyamuke kukamaliza maphunziro. Unandikhazika pa makina oonera tinthu ting'onoting'ono, ine amene ndathirira mbewu pamalopo zaka makumi atatu osasuzumiramo n'kamodzi komwe. Unandionetsa kuti tsinde ndi tizipinda tambirimbiri todzaza madzi, timene inu mumati maselo. Unati madziwo amakankha khoma la kachipinda monga mpweya umakankhira tayala la njinga, ndipo khomalo lili ndi tiulusi tolizungulira, n'chifukwa chake selo limatalika m'malo monenepa. Unati ukufuna kudziwa chimene maselo amachita tsinde likapindidwa mokakamiza. Ndinamva bwinobwino, usaganize kuti sindinamve.

Unapinda mbewu zonse za pa matebulo anayi aja n'kuzimanga ndi timalamba ta mphira. Ntchito yanga inali kuthirira, kujambula m'mawa kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, n'kumakutumizira zithunzi. Unandichenjeza katatu konse kuti ndisazikhudze, mpaka ndinakuseka kuti lero mwana wayamba kulangiza bambo ake.

Za pa tebulo lachitatu, khumi ndi ziwiri zija unati ndizizithira mankhwala ofewetsa khoma la maselo, zinkandimvetsa chisoni. Zinzake zinkalimbana nawo malambawo, koma izi zinangoti lende, masamba kukhudza dothi. Mwana wanga, ine moyo wanga wonse ndakhala ndikuwongola mbewu. Ndikaona chopindika manja amandiyabwa.

Lachisanu lina anzanga ataweruka, ndinamasula malamba aja n'kuzika timitengo, kuti mbewuzo zipumeko Loweruka ndi Lamlungu. Lolemba m'mawa ndinazula timitengo, ndinabwezeretsa malamba, kenako n'kujambula. Ndinachita zimenezi masabata asanu ndi awiri. Ndinkadzinamiza kuti masiku awiri okha sangasinthe kanthu.

Ndiye unaimba foni tsiku lija ukufuula ndi chimwemwe. Unati mbewu za mankhwala zawongoka kuposa zinzake, pamene mabuku onse amanena zosiyana ndi zimenezo. Unati mphunzitsi wako wamkulu anachita kudzuka pampando ataona zithunzi. Unandithokoza, unati pakanapanda manja anga sizikanatheka. Ndinangoti tithokoze Mulungu, n'kupereka foni kwa mayi ako.

Mayi akowo sabisidwa kanthu. Anaona kuti chakudya ndikungochitosatosa, ndipo atandipanikiza ndinaulula. Kenako anati anthu amanena kuti chifundo chinapha nkhwali, koma changa chasiya nkhwali n'kukagwera mwana wanga yemwe. Anati ndikapanda kulemba ine alemba okha, ndipo kalata yawoyo sindidzaikonda.

Dzulo ndinakaonekera kwa abwana oyang'anira kafukufuku. Ndinalowa chipewa chili m'manja n'kuwafotokozera zonse. Sanakalipe, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa kukalipa. Anafunsa masiku ake, analemba, n'kunena kuti za ntchito yanga tidzakambirana mwezi ukatha. Anati iwe uyenera kumva kwa ine, osati kwa iwo. Nditafunsa kuti kuyambiranso kungakutengere nthawi yaitali bwanji, anati mwina chaka.

Tsono pempho langa ndi ili. Ndikudziwa kuti mwezi wamawa ukaima pamaso pa akuluakulu a sukulu yako kufotokoza zimene wapeza. Chonde usakaime ndi za pa tebulo lachitatu. Si maselo amene anawongola mbewu zija, ndine. Ndikudziwanso kuti gawo limenelo ndi limene ukulinyadira kuposa onse, ndipo mtima ukundiwawa kuti ndikukulanda ndine. Koma ena akadzayesa kwawo n'kupeza kuti sizikutheka, sadzafunsa kuti ankathirira ndani. Adzati iwe ndiwe wabodza, ndipo dzina limenelo likakumata silichoka. Bola uchedwe chaka.

Masiku onse amene ndinamasula malamba ndawalemba papepala lina, lili mu envulopu momwemu. Matebulo atatu enawo sindinawakhudze, ndikulumbira pamaso pa Mulungu. Mwina pamenepo pali chopulumuka, udziwa ndiwe.

Ndalakwa, mwana wanga. Unandikhulupirira kuposa anzako ophunzira, ine n'kudziyesa wodziwa mbewu kuposa iwe. Ukafuna kukhala kaye osandilankhula ndimvetsa, koma mayi ako okha uziwaimbira, iwo sanalakwe.

Upereke moni kwa mkamwini wanga, ndipo kamdzukulu kanga ukauze kuti agogo akukafuna. Ambuye akusunge, akupatse mphamvu pa tsiku limene ukalowe mu ofesi ya mphunzitsi wako.

Akakakufunsa kuti zinatheka bwanji, ukawauze kuti wantchito wothirira mbewu sanamvere malangizo. N'zoona ndithu, sukhala utanama. Ngati kukakuvute kunena kuti wantchitoyo ndi bambo ako, usakanene. Sindidzakuimba mlandu.

Ndine,
Bambo ako