Waya wa Bambo a Ruby

Kwacha, Kitwe
9 Januwale 1968

Okondedwa achemwali a Harriet,

Kaya mwadzuka bwanji kumeneko, nanga mwendo wa alamu unaphwa? Ife kuno tili bwino, Ruby yekha ndiye akuvutika ndi mano, ayamba kumera.

A Nicodemus abwera dzana kuchokera kumudziko, ndipo andiuza kuti ku Katete kwamveka mbiri yoti bambo a Ruby azungulira mutu, akumayankhula okha atagwira waya. Mtima ukhale pansi, achemwali, munthu ali bwinobwino. Za wayazo n'zoona, koma imvani mmene zinalili.

Mukudziwa kuti chifuwa chawo chatopa ndi fumbi la pansi pa mgodi. Azungu ambiri akubwerera kwawo, ndiye kampani inalengeza kuti amene akhoze mayeso a masamu amuphunzitsa ntchito yoyeza malo, mu ofesi ya pamtunda. Ulendo woyamba analephera. Akanalepheranso, kukanakhala kupitiriza pansi pomwepo kapena kusiya ntchito, nyumba ino n'kutilanda.

Chimene chinawasautsa ndi magirafu, mizere yokhota imene amajambula papepala la timabokosi. Anandionetsa umodzi wooneka ngati mbale yakuya. Akuti ukawonjezera nambala kumapeto kwa samu mbaleyo imakwera, ukaika chizindikiro chochotsera kutsogolo imavundikirika. Zimenezo anazimva msanga. Koma ukawonjezera nambalayo m'kati mwa mabulaketi, pambali pa x, mbale imasunthira kumanzere. Apa iwo ankakana, amvekere chowonjezera chiyenera kupita kumanja, kumene kuli manambala aakulu. Aphunzitsi awo anawalangiza kuti apinde waya ngati mbaleyo, azimusuntha papepala mpaka dzanja lizolowere. Anayenda naye paliponse, ngakhale m'basi ya ku Chisokone, milomo ili gwedegwede. Inenso mantha anandigwira tsiku limene anaiwala kutsika, basi n'kukawatula kudepoti.

Lamlungu lina tikuchokera ku Misa anangoima pamsewu n'kundiuza kuti aitulukira. Akuti x akapatsidwa zitatu zaulere amafika msanga pamene akanafika mochedwa, choncho mbale yonse imabwerera m'mbuyo. Ine sindinatolepo kanthu, ndinangoona kuti nkhope yawo yamasuka.

Zotsatira za mayeso achiwiri zatuluka Lachisanu. Akhoza, achemwali. Mwezi wamawa akabweza nyali ya pachisoti. Atandiuza ndinangokhala pansi pakhonde.

Pempho langa n'limodzi. Akuti apongozi akufuna kugulitsa mbuzi zawo kuti akaombeze, ndipo asiya kale kuwayankha moni azakhali a Norah powaganizira ufiti. Chonde pitaniko kalata ino ikangofika, mukawawerengere pang'onopang'ono. Mbuzi asagulitse, ndipo asaloze munthu chala. Mwana wawo palibe anamulodza.

Moni kwa amalume, alamu ndi ana onse. Amayi muwauze kuti ndayambanso kudya, madiresi asiya kundikhwepa.

Ndine mng'ono wanu wokusowani,
Matilda