Ma bond a ababa

Lachinayi

Tatu, 09:12
achimwene, anthu a scheme ya mthirira abweranso. mawa akukhoma zikhomo za ngalande koma ababa akukanabe kuti idutse m'munda mwathu

Tatu, 09:13
akuti banki yakunja ikupereka ndalamayo imazitenga kuti? ngati ndi za riba, za chiwongoladzanja, mpunga wawo sumwa madzi amenewo

Tatu, 09:41
Zaidi!!

Zaidi, 10:05
ndili mu meeting iwe

Zaidi, 10:06
mwachidule mayiko amasonkha. zina olemera amangopereka. zotsalazo banki imagulitsa ma bond

Tatu, 10:50
eeeh zatheka!! avomera. akuti malonda ndi halali. tamvani nokha

Tatu, 10:51
[voice note 0:24]

Zaidi, 11:30
Tatu. ababa akunena bond ya photocopy?? ngati amagulitsa Frazer pa Benga?

Tatu, 11:31
eya mapepala. si zomwezo?

Zaidi, 11:34
ayi!! bond ndi ngongole. banki imabwereka kwa anthu a ndalama, ma company a pension, n'kuwapatsa pepala lolonjeza kubweza ndi interest. amaikhulupirira coz mayiko ali kumbuyo kwake. imabwereka motchipa n'kudzabwereketsa ife

Tatu, 11:35
ndiye ndi pepala basi

Zaidi, 11:35
pepala la interest. apatse foni

Tatu, 11:38
ayi. ine sindinaname, munati imagulitsa ndinu

Tatu, 11:40
chaka chatha mpunga unauma usanabereke inu muli pa fan ku lilongwe. anapeta mankhusu ndi ine. ndatopa achimwene

Zaidi, 11:42
nanga akadzamva kwa shehe?

Zaidi, 11:58
[missed call]

Zaidi, 15:20
[missed call]

Zaidi, 15:21
Tatu plz. mtima wanga suli m'malo

Lachisanu

Tatu, 08:47
zikhomo akhoma. chingwe agwira okha ababa, akumwetulira

Tatu, 13:55
potuluka ku mzikiti afotokozera anzawo za banki yogulitsa mapepala. a Bakari ndi a Amiri nawonso avomera ngalande

Tatu, 13:57
a Amiri anakayika. ababa akuti wafufuza ndi mwana wanga Zaidi, ameneyo chibadwire sanandinamizepo

Tatu, 14:20
mwawerenga, ma tick ndi a blue

Tatu, 14:22
ali pompano pakhonde. akufuna akuthokozeni pakamwa

Tatu, 14:22
ndiimbe?