Mbewu za nkhowani

Lachinayi, Febuluwale 1977, ku Mlare.

Lero kwachita mitambo, mvula yangowazawaza, ndipo mtima wanga wakhala uli kutali.

M'mawa apongozi anabwera ndi bowa wa pachulu, amene kuno amati nkhowani. Akumutsuka, anayankhula osandiyang'ana: "Mkamwana, nkhowani yikunowa, kweni yilije mbewu. Imangotuluka, n'kuwola." Bowa wokoma koma wopanda mbewu: ndinamva kumene mawuwo amalowera. Zaka zapita ndili pabanja, kumsana kulibe mwana.

Ndinabisa kabowa kamodzi m'thumba la yunifolomu. Kuchipatala odwala anali ochepa, amayi ambiri anapita kokaphunzira nyimbo za chipani. Nditatha kuyeza magazi a malungo, ndinadula kachidutswa ka timizere ta kunsi kwa bowayo, n'kuika pakagalasi, n'kusuzumira m'makina oonera tizilombo.

Mayi wanga ine! M'mphepete monse munandanda tinthu tonga tizibonga, kalikonse katasenza tinjere tinayi pamutu, ngati amayi pamzere wa sikelo, aliyense ndi ana ake. Ndinayang'ana mpaka diso linachita misozi. Tinjere tina tinali titathothoka kale, tikuyandama. Mwina mphepo imatiulutsa mpaka ku Lupembe, kapena kutiwolotsa nyanja, n'kukagona m'dothi kudikira mvula yake.

Madzulo tadya bowayo. Apongozi ndangowaonjezera ndiwo m'mbale. Koma mumtima ndawayankha: mbewu zilipo, amama, kungoti sizioneka ndi maso anuwo. Mwina nanenso mvula yanga ndi imene sinafike...