Dengu la Pansi pa Tebulo

Lachiwiri, 4 Malichi

Tsiku lachisanu abambo a kunyumba ali m'chipatala. Sitiroko. Dzanja lamanja lafa, pakamwa papotoka. Ndawamwetsa tiyi ndi supuni, theka pa malaya. Kunyumba zii. M'chipinda chawo cholemberamo ndangotengamo mapepala a m'dengu, monga mwa masiku onse. Zaka 31 lamulo ndi lomwelo: za pa tebulo musakhudze, za m'dengu kolezerani mbaula.

Lachinayi, 6 Malichi

Kwabwera mayi wa kosindikiza mabuku. Ulemu wambiri, nsapato zogogoda. Akuti mabuku asanu ndi awiri a abambo, a mbiri ya sitima zapamadzi, palibenso wina adalembapo chonchi. Ine ndangoti eya. Sindinawerengepo ndi limodzi lomwe. Chingerezi cha m'mabukumo n'chakuya, ine wa Sitandade 4.

Akufuna mutu womaliza wa buku latsopanoli. Wonena za sitima imene idamira ndi apongozi anga aamuna, abambo akadali mwana. Akuti abambo anamuimbira foni asanadwale kuti amaliza. Masamba 40, pa mapepala achikasu. Olemba pamanja. Kompyuta adaikana kalekale.

Lachisanu, 7 Malichi

Ndafuna ponseponse. Madirowa, makatoni, pansi pa matiresi. Palibe.

Pogwa ndi sitiroko paja anakoka nsalu ya pa tebulo. Dengu lili pomwepo pansi. Mapepala amene ndakhala ndikukolezera moto sabata ino anali achikasu.

Ndakumbukira ndikutsuka mbale. Ndinamaliza kutsukako, n'kupukuta.

Lamlungu, 9 Malichi

Alamu abwera kudzazonda. Nthabwala yawo yomwe ija: "Katswiri wa zapanyanja, koma m'bafa momwe amasamba atagwira khoma!" Abambo ayesa kuseka, malovu chuchuchu. Ndawapukuta.

Adokotala akuti tisawadzidzimutse ndi nkhani zoipa. Ndikawauza, bwanji sitiroko ikawagwiranso? Ndikapanda kuwauza, mayi uja adzawafunsa yekha Lachitatu. Ndinapita kudzala kukayang'ana phulusa. Kuti ndipezemo chiyani, kaya.

Lachiwiri, 11 Malichi

Chakudya sichikulowa. Ndayeseza mawu m'basi ulendo wonse. Pofika pa geti ya chipatala onse balala. Ndangowadula zikhadabo.

Lachitatu, 12 Malichi

Ndawauza m'mawa, mayi uja asanafike. Ndinagwada pambali pa bedi, anthu a mu wodi maso onse pa ine. Anayang'ana kudenga nthawi yaitali. Osalira, osakalipa. Bola akanakalipa. Kenako liwu limodzi, ndinalimva atabwereza katatu: "Onse?"

Ndinati onse.

Anatembenukira kukhoma.

Lolemba, 24 Malichi

Anatuluka Lachisanu. Masiku 12 osandiyankhula. Kudya akudya, mankhwala akumwa, bola ndiike pa mpando n'kuchokapo. Mayi uja akuti adikira mpaka Juni. Kupitirira apo buku lituluka lopanda mutuwo. Alamu akuti mwamuna sakwiya mpaka kalekale ndi munthu womusambitsa. Sawadziwa achimwene awo.

Ndagula mafuta a nyali okolezera moto. Amanunkha.

Lachinayi, 27 Malichi

M'mawa andikodola ndi dzanja lamanzere. Aloza chipinda cholemberamo. Ndawakankhira pa njinga yawo ya odwala mpaka pa tebulo. Aloza mpando wawo, kuti ndikhalepo ine. Aloza cholembera.

Ndinati bambo, zolemba zanga ndi za nkhuku yopalasa. Anati, movutikira: "Munatentha ndinu. Lembani."

Kuyambira 8 koloko mpaka 12, mizere isanu ndi umodzi. Akunena m'chiyankhulo chathu, mayi uja adzamasulira. Liwu lililonse kubwereza, ndikaphonya amenya tebulo. Amenya kasanu ndi kawiri.

Mzere woyamba: mwana waima pa doko, wanyamula chipewa cha atate ake, amuuza kuti awasungire mpaka Loweruka.

Sindimadziwa kuti abambo analipo pa doko tsiku la sitima ija. Sadandiuzepo chikwatiwire.

Dzanja likuwawa. Mawa 8 koloko.