Kadengu Kanga ka Bowa ku Mulungushi

Lachinayi, 12 Disembala

Loweruka ulendo wa ampingo ku Mulungushi. Wapansi, kudutsa m'nkhalango mpaka kumtsinje, ati kuwongola miyendo. Ine wa zaka 56 kukakwera miyala. Ndikupitira bowa basi. Mwana wanga Darius abwera ndi Exildah, chibwenzi chake cha ku komboni ya Makandanyama. Akudikira mawu anga kuti ankhoswe apite kwa makolo a mtsikanayo Khirisimasi isanafike. Sindinayankhe. Wobadwira m'tauni, zikhadabo zopenta. Ndikamuonera komweko.

Loweruka, 14 Disembala

Anthu 23. Dzuwa loswa mtengo, udzu wofika m'chiuno, linthumbu panjira. A Whiteson, mkulu wa mpingo, patsogolo ndi ndodo ngati akudziwa njira. Anatisocheretsa kawiri.

Chakumtsinje, pansi pa misuku, bowa woyera kuti mbee. Tente, amene kwathu ku Katete timati ndelema. Ndinadzaza kadengu. Exildah anagwada n'kunong'ona: "Amai, uyu si tente." Pamaso pa azimayi anzanga. Ndinamuuza kuti ndinayamba kuzula bowa amake asanamere mano. Anangopempha kundinyamulira kadengu. Powoloka pamiyala, kadengu m'madzi, bowa yense wapita. Ati waterereka. Ndinapsa mtima mpaka mpunga wa kamba wathu sunalowe.

Lamulungu, 15 Disembala

Ndamuuza Darius kuti ayi. Mtsikanayo mwano, kuwonjezanso manja lende. Wachoka osadya. Ndiwo nyemba.

Lachiwiri, 17 Disembala

A Whiteson ali m'chipatala kuyambira dzulo. Kusanza, kutsegula m'mimba, maso achikasu. Adokotala akuti ndi bowa. Anazula pamalo omwe aja titadutsa, m'kapulasitiki, poti anandimva ine ndikuti ndi tente. Akazi awo anapulumuka poti anali kumaliro ku Chowa, sanadye nawo. Wanga unali wochuluka kanayi, ndipo Darius bowa samusiya m'mbale. Ndachita mantha.

Lachisanu, 20 Disembala

A Whiteson ayamba kumwa phala.

Ndinapita ku Makandanyama ndekha, matope mpaka mu akakolo. Exildah ndinamupeza akuchapa. Anapukuta manja, n'kugwada pansi ponyowa pomwepo. Ndinamufunsa ngati anatererekadi. "Sininaterereke, amai. Munakana kumvera, manje nikanachita bwanji? Ambuya banga benze kugulisa bowa pa roadside, ndiye bananiphunzisa." Kenaka misozi, ati a Whiteson sanawaone akuzula, akanawaletsa. Iye kulira chifukwa cha cholakwa changa.

Kumeneko ndinapitira kukapepesa. Koma ndinangofunsa ngati nsapato zake zinauma bwino. Manyazi.

Darius sakuyankha foni, sakudziwa kuti ndinali kumeneko. Ankhoswe ndawauza kale ndekha, apita mawa m'mawa. Chatsala ndi kupepesako. Ndidzamupepesa Lamulungu, pamaso pa azimayi omwe aja.