Mpango wa ku Luchenza

Loweruka. Chiperoni tsiku lonse, mumtima mwanganso chimodzimodzi.

Lero gulu lathu la beni lakwanitsa zaka khumi. Ndinaliyambitsa ndine kuseri kwa fakitale ya tiyi, nditangobwera ku nkhondo ya Jeremani. Koma jekete ya Kingi, mtsogoleri wa gule, avala a Namakhwa, obwera dzana lomweli. Ine anzanga akuti, "Achimwene, mwendo wanuwo watha, muziwamba ng'oma pamoto."

Ndawamba, utsi ndaumwa.

A Namakhwa avina bwino, ndisaname, ndipo chondiwawa n'chomwecho. Pofotokoza mbiri ya gulu sananditchule n'komwe. Zonsezo ndikanapirira. Koma amene athamangira m'bwalo ndi nthungululu, kukawapukuta thukuta ndi mpango umene ndinagula ndekha ku Luchenza, ndi akazi anga! Akuti ndi mwambo chabe. Mwambo? Zaka khumi ndikuvina, ine sanandipukuteko ngakhale kamodzi...