Nkhuni Zopita ku Blantyre

Bambo a Sabiti,

Pepani, simundipeza. Ndathamangira ku Ulongwe kukalanda njinga yathu kwa achimwene anu asanakwere nayo basi. Inu mutangopita kudimba, iwo amangirirapo thumba la chimanga, chinangwa, tambala wathu uja, mpaka mtolo wa nkhuni, ati ku Blantyre zonsezi n'zogula. Nkhuni, bambo! Si omwewa dzulo amatinyengerera kuti tisamukire m'tauni, ati kumudzi kuno tikuvutika?

Ndiwapeza ndithu, njingayo akuchita kukankha. Khadi langa la chipani ndatenga, musade nkhawa. Mbuzi muzimasule, ndiwo zili mumphika.

Zosamukazo ndaganiza, iyayi. Tonse tikakhala ku Ndirande, nkhuni tizikapempha kwa yani?

Ndine,
Make Sabiti